Mwana wanga sasiyana ndi mabuku a zinjoka ndi matsenga, kodi ndimuletse?

Mayi wina wa ku Kasungu walemba kuti: "Ndili ndi mtsikana wa zaka 15, ali Fomu 3 pasukulu yoyendera. Chiyambire chaka chatha sasiyana ndi mabuku a Chingerezi okhala ndi zithunzi za zinjoka, malupanga ndi anthu a mikanjo pachikuto. Ena ndi a zombo zopita ku nyenyezi. Amabwereka kwa mnzake, ena amawerengera pafoni ya achimwene ake. Tsiku lina ndidamumva akufotokozera ang'ono ake za sukulu yophunzitsa matsenga, mtima wanga udangoti myu. Alamu anga akuti ndiwatenthe mabukuwo chifukwa ndi khomo limene Satana amalowera mwa ana. Chingerezi amakhoza bwino, koma masamu atsika. Ine sukulu sindidapite nayo patali moti sindingawerenge mabukuwo ndekha. Kodi ndimuletse?"

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanakoleze moto. Ndakhala pakati pa ana a sekondale ndi mabuku kwa zaka zoposa 20, poyamba ngati mphunzitsi wa Chingerezi, kenako m'laibulale, ndipo funso lanuli makolo ambiri andifunsapo, ena atanyamula buku lenilenilo m'chikwama ngati umboni. Mtima ukhale m'malo. M'kalata yanu sindikuonamo mwana amene akulowerera. Ndikuonamo mwana amene ali ndi chinthu chomwe aphunzitsi timachisaka chaka ndi chaka osachipeza: amawerenga popanda womuumiriza. Komabe nkhawa yanu si yachabe. Zoyenera kuchenjera nazo zilipo, kungoti zambiri mwa izo si zimene alamu anu akuopa.

Mabuku mwaonawo ali m'magulu awiri, ngakhale ogulitsa m'mbali mwa msewu amawaunjika pamodzi. A zinjoka ndi malupanga aja pa Chingerezi amati fantasy, nkhani zochitika m'dziko limene kulibe, kumene nyama zimalankhula ndipo mawu a munthu amatha kuimitsa mphepo. A zombo aja amati science fiction. Mmenemo wolemba amatenga chinthu chimene sayansi ikuchidziwa kapena kuchiyembekezera, n'kufunsa kuti zikapitirira chonchi zaka 100 kapena 500, anthu adzakhala bwanji. Gulu lachiwirili kawirikawiri mulibe matsenga. Mumakhala makina, miliri, chilala, maloboti ndi maboma ankhanza.

Gulu loyambalo inu mumalidziwa kale, ngakhale mukuti sukulu simudapite nayo patali. Kumbukirani usiku wa mwezi, agogo akati "Padangokhala," ife n'kuyankha kuti "Tili tonse." Adatiuza za mayi wopanda mwana amene adaumba mwana wa dothi, ndipo mitambo ikada ankamuimbira kuti athawe mvula. Tsiku lija mvula idamupeza Kamdothi ali kutali ndi nyumba, ena a ife tidagona tikulira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene m'mawa mwake adapita kudambo kukaumba mwana, ndipo palibe adanena kuti agogo akuphunzitsa ana ufiti. Tinkadziwa kuti ndi nthano, komanso tinkadziwa kuti chisoni cha mayi uja ndi chenicheni. Mabuku a mwana wanuwo ndi nthano zomwezo, zangotalika n'kufika masamba 300, ndipo zambiri zachokera kwa anthu a maiko ena.

Chimene chimasokoneza kwambiri ndi mawu. Mwana akamafotokoza nkhani kunyumba, mawu a Chingerezi akuti wizard, witch ndi magic onse amawaponya m'dengu limodzi: mfiti, ufiti. Tsono ife tikati mfiti timanena munthu wodya abale ake, wouluka pa lichero usiku, wotamba kumanda, wobisa nsupa kuseri kwa chitseko. Mayi aliyense atamva kuti mwana wake akusirira munthu wotero angachite mantha. Koma taonani Gandalf, wizard wodziwika kwambiri, wa m'mabuku a J.R.R. Tolkien. Ndi nkhalamba yoyenda ndi ndodo, ntchito yake kulangiza mafumu ndi kulimbitsa mtima anthu amantha. M'nkhaniyo muli mphete yopatsa mphamvu zolamulira dziko lonse. Gandalf atapatsidwa mpheteyo amaikana, chifukwa akudziwa kuti ngakhale ataigwiritsa ntchito ndi mtima wabwino, pomaliza idzamusandutsa chilombo. Buku lonse la The Lord of the Rings, lomwe lidatuluka mu 1954 ndi 1955, ndi ulendo wa kamunthu konyozeka kopita kukataya mpheteyo m'phiri la moto. Mwachikwathu tingati ndi nkhani ya munthu amene wapatsidwa chithumwa cholemeretsa, m'malo mokhwimira nacho n'kuyenda miyezi ndi miyezi, njala ikumupweteka, kuti akachiwononge. Tolkien adali Mkatolika wolimbikira. Mnzake wa ku Oxford, C.S. Lewis, adalemba mabuku 7 a Narnia pakati pa 1950 ndi 1956, ndipo m'buku loyamba mkango wotchedwa Aslan umadzipereka kuti uphedwe m'malo mwa mnyamata amene adapereka abale ake kwa mdani, kenako umauka. Mfiti yeniyeni ilimo m'bukulo, ndipo ndiyo mdaniyo. Munthu wopita kutchalitchi safunika kumuuza kumene Lewis adatenga nkhani imeneyi.

Za sukulu ya matsenga mudamvazo mwina ndi Harry Potter, amene buku lake loyamba lidatuluka mu 1997. Pano sindikubisirani, Akhristu amagawanika. Ndikudziwa abusa amene amawerengera ana awo mabukuwa, ndi ena amene safuna n'komwe kuwaona m'nyumba. Ine ndidawawerenga onse. Mulibe chilichonse chimene mwana angatenge n'kukachita. Mawu a matsenga ali mmenemo ndi opeka, ambiri ochita kukhotetsa Chilatini, ndipo msana wa nkhani yonse ndi chikondi cha mayi amene adafa potchinjiriza khanda lake. Mabuku omalizira ndi amdima kuposa oyamba, muli imfa zambiri, koma wa zaka 15 amatha kuwasenza. Ngakhale ndatero, nyumbayo ndi yanu. Ngati chikumbumtima chanu chikukana buku lina lake, muli ndi ufulu wonena kuti ili ayi. Chimene ndikupempha n'chakuti mumuuze chifukwa chake, ndipo mukamulanda limodzi mumulole lina.

Mwinanso sukuluyo ndi ya m'buku la Ursula K. Le Guin lotchedwa A Wizard of Earthsea, la mu 1968, lomwe pano ndikuliwerenganso ndi kagulu ka ana amene amabwera Loweruka masana. Pa mabuku onse a mtundu uwu, ili ndi limene ndimalikonda koposa. Mnyamata wina woweta mbuzi, Ged, ali ndi mphatso, ndipo akudziwa kuti ali nayo. Kusukulu mnzake wa kubanja lolemera akumunyoza, iye pofuna kudzionetsa amachita chinthu chimene aphunzitsi adaletsa, amaitana mzimu wa munthu wakufa. Chimene chimatuluka ndi chithunzithunzi chakuda chopanda dzina. Chimamung'amba kumaso, mkulu wa sukulu amafa pomupulumutsa, ndipo kuyambira pamenepo chimamulondola kulikonse. Amathawa chilumba ndi chilumba mpaka mphunzitsi wake wakale, munthu wosalankhulalankhula, amamuuza kuti atembenuke, achisake iyeyo. Tsiku lomwe akumana nacho maso ndi maso amachitchula dzina, ndipo dzinalo ndi lake lomwe. Tidafika pamenepa Loweruka lina, mtsikana wina amene sakonda kulankhula adatseka buku pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Ndiye kuti ankathawa matama ake omwe." Ine ndikanalalikira za kudzikuza teremu yonse sakanazimva choncho. Le Guin sadali Mkhristu, ndipo bukuli silonena za chipembedzo, koma mwana akaliwerenga amatulukamo akuopa kusewera ndi zinthu zimene sakuzidziwa.

Mwana wanu ali ndi mwayi umene ife tidalibe, chifukwa tsopano nkhani zoterezi akulembanso ndi anthu a kuno kwathu. Ndingakonde atapeza Binti, kabuku kosafika masamba 100 ka Nnedi Okorafor, wobadwira ku America kwa makolo a ku Nigeria. Kadatuluka mu 2015 n'kupata mphoto za Hugo ndi Nebula, zomwe ndi zikuluzikulu pa mabuku amenewa. Binti ndi mtsikana wa mtundu wa Himba, katswiri wa masamu, amene wasankhidwa kupita ku yunivesite ya pa dziko lina kutali m'mlengalenga. Amachoka kwawo mobisa, atanyamula mtsuko wa dothi lofiira limene akazi a kwawo amadzola pakhungu ndi kutsitsi, ndipo anthu apaulendo amamuyang'ana ngati wauve. Pomaliza dothi lomwelo ndi limodzi mwa zinthu zimene zimapulumutsa moyo wake. Muli malo amodzi oopsa pamene chombo chikuukiridwa ndipo anzake akuphedwa iye akuona. Kwa mtsikana wa Fomu 3 amene masamu ayamba kumuterera, sindikudziwa buku lina lomuyenera kuposa ili.

Wolemba yemweyo ali ndi buku lina, Akata Witch, lonena za Sunny, mtsikana wachialubino wokonda mpira amene akukhala ku Nigeria. Ndimaliyamikira chifukwa m'dziko ngati lathu, kumene abale athu achialubino aphedwapo chifukwa cha zikhulupiriro zoipa, ndi chinthu chachikulu mwana kuwerenga nkhani imene wachialubino ndiye ngwazi. Koma ndikuchenjezeni: matsenga a m'bukuli ali pafupi ndi zimene anthu kuno amakhulupirira ndi kuopa, sali kutali ngati a Tolkien. Ngati pali buku loti mukambirane naye bwino asanaliyambe, ndi limeneli.

Ku Malawi kuno Shadreck Chikoti adalemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo, imene idapata mphoto ya Peer Gynt mu 2013 n'kusindikizidwa mu 2015. Alipo a Muthi Nhlema ndi Ekari Mbvundula amene alemba nkhani zifupizifupi za mtundu umenewu. Pa intaneti pali magazini yaulere yotchedwa Omenana, yomwe idayamba mu 2014, yosindikiza nkhani zotere za olemba a mu Africa, ngakhale zina mmenemo ndi za akuluakulu. Ine pamutu pa bedi panga pali The Old Drift la Namwali Serpell wa ku Zambia, lomwe lidapata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020. Limatsata mabanja atatu kwa zaka zoposa 100, udzudzu ukuthirira ndemanga pakati pa mitu, ndipo mulinso Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi weniweni uja amene mu 1964 adalengeza kuti Zambia itumiza anthu kumwezi. Pakati pake limalemera, pena ndimaona kuti wolemba adakonda anthu ake ambiri mwakuti adalephera kusiyako ena, koma mitu ya Nkoloso ndaibwereza kawiri. Ili si la mwana wanu panopa. Muli za m'chipinda zolembedwa mosabisa. Adzaliwerenga akamaliza Fomu 4.

Apa ndafika pa chimene ine ndimaopa. Chikuto cha chinjoka sichitanthauza kuti buku ndi la ana. A Game of Thrones la George R.R. Martin lili ndi zinjoka, koma muli kugwiririra, chigololo cha pachibale ndi kuphana kofotokozedwa mwatsatanetsatane. Masiku ano kwabweranso mabuku ambiri achikondi ovala malaya a fantasy, zikuto zake zamaluwa ndi zisoti zachifumu, m'kati muli zogonana zokhazokha, ndipo atsikana amatumizirana pa WhatsApp. Ndiye pa zonse mwalembazo, chimene chandiimitsa ine ndi foni ya achimwene ake ija. Buku lapepala mumaliona, mukhoza kulitenga n'kukafunsa aphunzitsi. La pafoni simuliona, ndipo malo ambiri a pa intaneti amene ana amatengako mabuku aulere amadzadza ndi zithunzi zolaula ndi mauthenga a akuba. Apempheni achimwene akewo akuwerengereni mayina a mabuku ali m'fonimo. Ngati akufuna aulere osaopsa, tsamba la pa intaneti la Project Gutenberg lili ndi mabuku akale ololedwa, monga The Time Machine la H.G. Wells la mu 1895 ndi a Jules Verne.

Chachiwiri ndi tulo. Mwana wa msinkhu umenewu amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo mabuku awa amalembedwa mwaluso loti mutu uliwonse uthere pamene mtima uli m'mwamba. Masamu otsikawo nthawi zambiri gwero lake limakhala pamenepa. Mwana wawerenga m'bulangete mpaka tambala woyamba, m'mawa ali m'kalasi maso ali gwa koma mutu uli mtulo. Chingerezi chimapirira zimenezi chifukwa bukulo likumuphunzitsa Chingerezi chomwecho, ndipo musachipeputse, poti popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE sipezeka. Masamu sapirira. Ukaphonya sabata imodzi, yotsatirayo umangoona ngati Chitchaina. Panganani naye poyera: ntchito zapakhomo ndi homuweki choyamba, masamu theka la ola tsiku lililonse, kenako buku lake mpaka nthawi imene mwagwirizana, foni n'kukagona kuchipinda kwanu. Pitaninso mukaonane ndi aphunzitsi a masamu, chifukwa mwina vuto ndi mutu umodzi umene sadaumvetse ku Fomu 2, mabukuwo n'kungosenzetsedwa mlandu.

Kutentha kokha ndiye ndikukanizani ndi mtima wanga wonse. Zaka zapitazo mnyamata wina adabwera kulaibulale atagwira chikuto chopserera m'mphepete, chotsala cha buku limene bambo ake adaliponya pamoto. Adaima pakhomo nthawi yaitali asanalowe, akuganiza kuti timulipiritsa. Sitidamulipiritse. Kuwerenga sadasiye, koma kuyambira tsiku limenelo mabuku ankawabisa kudenga la chimbudzi, ndipo bambo akewo sadadziwenso chilichonse chimene mwana wawo ankawerenga kapena kuganiza. Inu pano muli ndi mwana amene akufotokozera ang'ono ake nkhani pabwalo, inu mukumva. Chimenecho musachitaye. Komanso mabukuwo ndi a mnzake, mudzayambana ndi banja lina popanda chifukwa.

Kusadziwa Chingerezi kusakufooketseni. Madzulo ano mukamasenda mbatata kapena kupala moto, muuzeni kuti, "Tandiuza nkhani ya m'buku lakolo, m'Chichewa." Mufunseni kuti wabwino ndani, woipa ndani, woipayo akufuna chiyani, ndipo iyeyo akanakhala mmenemo akanatani. Mayankho ake adzakuuzani zambiri kuposa chikuto. Mukamva zoti wamphamvu ndiye wolondola nthawi zonse, kapena nkhani ikungozungulira pa thupi la mkazi, mwapeza buku loti mukambirane. Mwina mudzapezeka kuti inunso mwakopeka. Mnyamata wina wochokera ku Chikwawa adandifotokozerapo Dune la Frank Herbert, la mu 1965, nkhani ya dziko la mchenga wokhawokha kumene madzi ndi osowa mwakuti kulavula malovu pamaso pa munthu ndi ulemu waukulu, chifukwa wamupatsa madzi a m'thupi mwako. Adati agogo ake atamva zimenezi adangogwedeza mutu, nati wolembayo chilala amachidziwa.

Alamu anu muwayankhe mwaulemu, akunena chifukwa chokonda mwanayo. Ngati n'kotheka, tengani buku limodzi mupite nalo kwa abusa kapena mkulu wa mpingo amene amawerenga Chingerezi, aliwerenge lonse, osati chikuto chokha, kenako mukambirane. Koma pali mzere umodzi umene musalole wina aliyense kuudumpha: mwanayu asatchulidwe mfiti, ngakhale mocheza, ndipo asatengeredwe kwa aliyense kuti akamuchotse ziwanda chifukwa cha mabuku. Dzina limenelo likamatirira mwana pamudzi silichoka, ndipo ana ena amenyedwapo ndi kuthamangitsidwa pakhomo chifukwa cha ilo. Malamulo a dziko lino, kuyambira mu 1911, amaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Kwanu konko ku Wimbe anthu ankati William Kamkwamba, mnyamata uja adapanga makina a mphepo opangira magetsi, wapenga pamene ankatoleza zitsulo kudzala, atawerenga buku la kulaibulale ya pasukulu ya pulayimale. Lake lidali buku la sayansi yeniyeni, osati nthano, koma mwana wokonda kufunsa kuti "bwanji zikanakhala mwakuti" amaoneka wachilendo chimodzimodzi.

Nthawi yofuna thandizo loposa langa ilipo. Mukaona kuti wasiya kucheza ndi anzake onse, sakudya, akuonda, akulota zoopsa usiku ndi usiku kwa masabata angapo, kapena maphunziro onse agwa mwadzidzidzi osati masamu okha, musathamangire kuloza buku. Kawirikawiri buku limakhala kobisala, chimene akuthawa chili kwina: kuzunzidwa ndi anzake kusukulu, mwamuna wina amene akumuvutitsa panjira, maliro amene sadawalire mokwanira. Yambani ndi kumufunsa muli awiri, kenako aphunzitsi a kalasi yake. Akayamba kunena kuti anthu a m'nkhani akumulankhula, akumva mawu amene ena sakuwamva, akudzicheka, kapena akutchula zofuna kufa, musadikire Lamulungu. Pitani naye kuchipatala cha boma tsiku lomwelo mukafunse namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Ngati mukukayikira kuti wina akumuchita nkhanza, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma. Zimenezi ndanena kuti muzidziwe, koma m'kalata yanu mulibe ndi chimodzi chomwe. Mwana amene amasonkhanitsa ang'ono ake n'kuwasimbira nkhani si mwana wodzipatula.

Tsiku lina mukadzatsegula kope lake la masamu chakumapeto, mwina mudzapeza wayamba kulemba nkhani yakeyake, ya Napolo akutsika m'phiri kapena ya Kasungu wa zaka 200 zikubwerazo. Mukadzaipeza, mugulireni kope lina la zimenezo kuti la masamu lipume. Pakadali pano, apempheni achimwene ake ajambule zikuto za mabuku amene ali nawo, pamodzi ndi mayina a amene ali m'foni, munditumizire. Ndidzakuuzani limodzilimodzi, ili awerenge, ili adikire kaye.